Laputopu ya magemu: funsani za graphics card musanatulutse ndalama

Soya atagulitsidwa chaka chatha, mwana wa mlongo wanga wa ku Sinda anafika pakhomo panga kuno ku Katete atakumbatira chikwama pachifuwa ngati wanyamula khanda. Sanadikire n'komwe kuti madzi akumwa abwere. "Atsibweni, ndagula i7!" Anaitulutsa laputopu yopyapyala, yasiliva, yopepuka ngati mbale. Tinaiyatsa n'kuikamo gemu ya mpira imene anyamata amaitchabe FIFA, ngakhale eni ake anaisintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023. Osewera anayamba kuyenda modukizadukiza ngati ng'ombe zokoka ngolo m'matope. Mpira ukachoka paphazi la wina, umaoneka uli kale m'manja mwa goloboyi. Patatha mphindi khumi pansi pa makinawo panatentha moti mnyamata anaichotsa pamiyendo.

Wogulitsa uja sananame ayi. Inalidi i7, koma yotuluka mu 2016, ndipo mkati mwake munalibe chimene gemu imafuna kwenikweni. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndalama ya soya inali itapita, risiti panalibe, nambala ya wogulitsayo inali itasiya kulira. Ndiye kaya ndinu mnyamata amene mwasunga ndalama zaka ziwiri, kaya ndinu kholo limene mwana wakuuzani kuti "ndi ya sukulu" pomwe mtima wake uli pa mpira, khalani pansi kaye tikambirane.

Yambani ndi pepala, osati sitolo. Lembani magemu atatu amene mukufunadi kusewera, osati amene munangowaona pa YouTube. Gemu iliyonse ili ndi zofuna zake, ndipo eni ake amazilemba poyera pa Steam kapena patsamba lawo m'mizere iwiri: zongoyatsira gemu, ndi zoti iyende bwino. EA Sports FC 25 imayaka pa graphics card ya GTX 1050 Ti ndi RAM ya 8GB, koma kuti iyende bwino imafuna GTX 1660, RAM ya 12GB ndi malo okwana 100GB. Inu tsatirani mzere wachiwiriwo. Woyamba uja uli ngati kunena kuti njinga ikhoza kunyamula matumba atatu a makala. Inde ikhoza, koma pachitunda mutsika n'kumakankha. Dziwaninso kuti zimene amalembazo ndi za kompyuta yaikulu ya patebulo. Graphics card ya mulaputopu, ngakhale dzina lifanane, kawirikawiri imachepako mphamvu. Ngati papepala panu pali eFootball, Euro Truck Simulator 2, Minecraft kapena magemu akale a mpira, mwapulumuka, makina odula simukuwafuna. Ngati pali FC yatsopano, Forza Horizon 5 kapena Call of Duty, apa ndiye tcherani khutu.

Laputopu iliyonse ili ndi chojambulira zithunzi zimene mumaona pa sikirini. M'malaputopu ambiri a muofesi chojambulirachi chimakhala mkati mwa purosesa momwemo, chimabwereka RAM ya makina, ndipo mudzachiona cholembedwa Intel UHD kapena Intel Iris Xe. Pa Word, Excel ndi mafilimu n'chokwanira. Gemu yolemera imafuna graphics card yakeyake, yokhala ndi memory yakeyake. Taganizani za kumunda. Purosesa ndi mlimi wogwira pulawo, graphics card ndiyo ng'ombe zili pagoli. Mlimi angakhale waluso chotani, ngati pagoli mwamangapo mbuzi, mizere situluka. Mwana wa mlongo wanga anagula mlimi wopanda ng'ombe. Laputopu ya i5 kapena Ryzen 5 yokhala ndi graphics card yabwino imaisiya kutali i7 yopanda kanthu, ndipo ogulitsa amadziwa bwino kuti ife timakodwa ndi kachomata ka i7 kali pakona kaja.

Mayina a graphics card asakuopseni. Ambiri amene mudzakumane nawo ndi a kampani ya Nvidia, ndipo nambala yake imawerengedwa pawiri: manambala awiri oyamba ndi m'badwo, awiri omaliza ndi mphamvu. GTX 1650 inatuluka mu 2019, ili ndi memory ya 4GB, ndipo ndiyo malire. Yochepera pamenepo musagule, ndipo iyoyo muigule yogwiritsidwapo kale ntchito, pamtengo wotsika. RTX 3050, imene inayamba kutuluka mu 2021, ilipo mitundu iwiri, ya 4GB ndi ya 6GB, choncho funsani kuti ndi iti. RTX 3060 ili ndi 6GB ndipo imaiposa 3050 kutali, moti ngakhale ndi yakale imalimbanabe ndi RTX 4050 ya 2023, nayonso ya 6GB. RTX 4060 ili ndi 8GB, chimodzimodzi RTX 5050 ndi 5060 zimene zinabwera mu 2025. Ine ndinganene kuti ngati mukugula yatsopano musatsike pa 6GB, ndipo ngati thumba likulola tengani ya 8GB, chifukwa magemu akunenepa chaka ndi chaka.

Msampha umene wagwira ambiri ndi wa MX. Mudzaona chomata chobiriwira cha Nvidia, wogulitsa n'kunena kuti "ili ndi graphics, bwana", koma ikakhala MX350, MX450 kapena MX550, imeneyo ndi mwana wang'ombe, goli sangalithe. Ndipo chokhumudwitsa n'chakuti graphics card ya mulaputopu ndi yowotcheredwa pabolodi. RAM mukhoza kuwonjezera chaka chamawa, SSD mukhoza kusintha, koma graphics card imene mwagula lero ndi imene mudzakhale nayo mpaka makinawo adzafe. Wina akakulonjezani kuti adzakusinthirani mtsogolo, nyamukani.

Pali chinanso chimene pabokosi salemba ndi zilembo zikuluzikulu: mawati. RTX 4050 yomweyo, kampani ina imaipatsa mawati 35, ina mpaka 115. Dzina limodzi, liwiro losiyana kwambiri, ngati ng'ombe za khola limodzi, ina yokhuta ina yogona ndi njala. Malaputopu opyapyala ndi amene amapatsidwa mawati ochepa, chifukwa mkati mulibe malo a mafani aakulu ndi mapaipi ochotsa kutentha. Kuti mudziwe, tsegulani Nvidia Control Panel, pitani pa System Information, pezani mzere wolembedwa Maximum Graphics Power. Ikakhala 4050 kapena 4060, ndingakondwe kuona mawati 75 kapena kuposa.

Apa ndi pamene nkhani ya kulemera imalowa. Aliyense amafuna laputopu yopepuka, yamphamvu, yotchipa, koma zitatuzi sizigona nyumba imodzi. Malaputopu a magemu amene munthu wamba angawafikire, monga Lenovo LOQ, HP Victus, Acer Nitro V ndi ASUS TUF a sikirini ya mainchesi 15.6, amalemera pakati pa makilo 2.1 ndi 2.5. Onjezanipo tchaja, chimene ndi chinjerwa cha theka la kilo kapena kuposa. Musanavomere, ikani paketi ya shuga ya 2kg ndi ina ya 1kg m'chikwama, muyende nacho wapansi kuchokera pamsika wa Katete Stores kukafika kuchipatala cha St Francis. Mapewa adzakuuzani zoona. Zopepuka koma zamphamvu zilipo, monga ASUS ROG Zephyrus G14 ya mainchesi 14 imene imalemera pafupifupi kilo ndi theka, koma mtengo wake umafika pa wa ziwiri za zolemera zija.

Choncho dzifunseni moona mtima kuti mudzainyamula kangati. Wophunzira wopita ku koleji ku Chipata kapena ku UNZA, amene aziyenda nayo m'kalasi tsiku lililonse, aganizire yopepuka. Amene aziinyamula kawiri pa teremu, pokwera basi, atenge yolemera ya mafani abwino osadandaula. Ndipo ngati sidzachoka pachipinda chochezera, ndikuuzeni chilungamo: kompyuta ya patebulo kapena PlayStation idzakupatsani mpira wabwino ndi ndalama yocheperapo.

Zotsalazo tidutse msanga. RAM ikhale 16GB. Ikakhala 8GB onetsetsani kuti muli kabowo koonjezerapo ina. Posungira pakhale SSD ya 512GB kapena kuposa, poti magemu atatu aakulu adzadza kale. Purosesa ya Intel ikhale yothera ndi chilembo H kapena HX, osati U, chifukwa ya U anaipangira kusunga batire, osati kukoka katundu. Sikirini ya 1920 x 1080 ndi 144Hz ndi yokwanira, ya 4K ingolemetsa makina. Pa zogwiritsidwapo kale ntchito kumbukirani kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'mwamba.

Tsopano magetsi, chifukwa kwathu kuno ndi pamene zambiri zimathera. Laputopu ya magemu imatchedwa yonyamulika, koma mukamasewera pa batire lokha imakhala ola limodzi, ikalimba ola ndi theka, ndipo imadzichepetsa yokha mphamvu, gemu n'kuyamba kutsimphina. Mphamvu zake zonse zimatuluka ili pa soketi. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene malaiti ankapita maola 17 patsiku, nthawi zina kuposa. Amene anali ndi makina a ndalama zambiri ankangowayang'ana ali patebulo. Ya mayunitsi a Zesco si nkhani yodetsa nkhawa: laputopu yokoka mawati 150, maola atatu patsiku, imadya mayunitsi pafupifupi 14 pamwezi. Vuto lili kwa amene amadalira sola, ngati midzi yambiri ya ku Vubwi ndi ya kunja kwa boma la Sinda.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la sola la 12V 100Ah, la mtundu wa asidi kapena jelo, limasunga mphamvu yoti ikhoza kuyendetsa chinthu cha mawati 100 kwa maola 12, koma mukamalikama kupitirira theka limafa msanga. Ndiye mwatsala ndi theka, ndipo inveta nayo imadyako gawo lake. Laputopu ya mawati 150 idzasewera maola atatu basi, nyumba yonse ili mumdima, wailesi yakanema itazimitsidwa, mafoni a amayi asanatchajidwe. Kuti batirelo lidzazenso mawa lake pamafunika panelo ya mawati 200 kapena kuposa ndi dzuwa labwino. Inveta ikhale yolembedwa pure sine wave. Zotchipa zolira nziii zija zimatenthetsa tchaja. Timasola tating'ono tolipira pang'onopang'ono pa foni, toyatsira mababu atatu, sitingathe ntchito imeneyi, musayese n'komwe.

Kwa inu a sola pali njira ina imene ambiri saidziwa. Malaputopu ena opepuka a AMD Ryzen ali ndi chojambulira cha mkati champhamvu ndithu, Radeon 680M kapena 780M. Si graphics card yakeyake, koma imayendetsa mpira ndi GTA V mukatsitsa kukongola kwa zithunzi, imakoka mawati pafupifupi 65, ndipo batire lake limakhalitsa pa ntchito za sukulu. Munthu wokhala kumene kulibe mapolo a Zesco ndingamulangize imeneyi, osati chimakina cha tchaja ya mawati 230. Kulikonse mungakhale, gulani pulagi yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo mvula ikayamba kugunda mu November, zulani tchaja kukhoma. Kuzimitsa swichi yokha mphezi siikuopa.

Za ndalama tisabisane. Yatsopano ya RTX 4050 kunja mu 2025 inkagulitsidwa pafupifupi madola 800 a ku America, ndipo ikafika ku Lusaka, ataikapo mayendedwe, msonkho wa VAT wa 16 peresenti ndi phindu la sitolo, konzekerani K20,000 kapena kuposa. Mitengo imayenda ndi dola, ndiye funsani sabata imene mukupita. Pamtengo wa 2025 wa bungwe logula chimanga la FRA, wa K340 pathumba la chimanga la 50kg, amenewo ndi matumba pafupifupi 60. Yogwiritsidwapo kale ntchito ya GTX 1650 imapezeka cha pa theka la mtengo umenewo. Musathere ndalama yonse pamakina: siyani ya chikwama cholimba, pulagi yoteteza ija, kontirola yosewerera mpira, basi ndi malo ogona. Makolo mudziwenso kuti mwana akanena kuti ndi ya sukulu sakunama kotheratu. Graphics card yomweyo ndi imene imayendetsa mapulogalamu ojambulira mapulani a nyumba ndi olumikizira mavidiyo, ndipo mnyamata wakhama akhoza kubweza ndalama pojambula maukwati kapena mwambo wa Kulamba ku Mkaika mu August.

Ku Chipata, ulendo wa ola ndi theka kuchokera ku Katete, mukhoza kupeza, koma zosankha n'zochepa. Ku Lusaka n'zambiri, m'masitolo a ku Manda Hill, East Park ndi Levy ngakhalenso m'timasitolo ta mu Cairo Road ndi Town Centre, koma ndi ulendo wa maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu pa Great East Road, choncho werengerani masiku awiri. A ku Vubwi Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, komatu makina akadzavuta ganizirani kuti waranti yanu ili kutsidya la malire. Mukatuma wachibale wa ku Johannesburg, mutumizireni nambala yonse ya makina, osati kungoti "ya magemu", ndipo pulagi ya kumeneko ndi ya mano atatu ozungulira, muyenera kusintha chingwe chopita kukhoma. Za pa Facebook ndi WhatsApp lamulo ndi limodzi: musatumize ngwee pa Airtel Money kapena MoMo musanaigwire ndi manja anu.

Mukafika, pemphani mpando, muuzeni wogulitsa kuti mukufuna mphindi 45. Wokana kudikira ali ndi chimene akubisa. Tengani fulashi yokhala ndi HWMonitor ndi CrystalDiskInfo, mapulogalamu aulere. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, muone dzina la graphics card, polembedwa GPU, ndi kukula kwa memory yake ndi maso anu, osati pa chomata. Kenako tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport. Patuluka lipoti loonetsa mphamvu imene batire linabadwa nayo ndi imene latsala nayo. Likatsala ndi mphamvu yosakwana 70 peresenti, tsitsani mtengo. CrystalDiskInfo ikuuzani ngati SSD ili bwino ndi maola amene yagwira ntchito, ndipo apa m'pamene "yangogwira miyezi iwiri" imasanduka zaka zitatu.

Mukatero yatsani gemu, tchaja ili pa soketi, musewere mphindi 20 osapumira. Mphindi zisanu zoyamba makina alionse amaoneka abwino. Matenda amatuluka akatentha. Yang'anani HWMonitor. Graphics card ikamakakamira pa madigiri 87 gemu n'kuyamba kudukiza, mkati mwadzaza fumbi kapena phala loziziritsa lauma. Ikani dzanja kumbuyo mumve ngati mpweya wotentha ukutuluka mbali zonse. Mverani ndi khutu: fani yabwino imafuula ngati mphepo, yakutha imakhwekhwereza ngati mwala uli m'chigayo. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo, chifukwa mahinji ndiwo amayamba kuthyoka. Ikani tsamba loyera ndi lakuda pa sikirini muone timadontho ndi mizere. Yesani mabatani onse, makamaka W, A, S ndi D. Tembenuzani tchaja muwerenge mawati ake, afanane ndi olembedwa pansi pa laputopu. Ena amakupatsani ya mawati 65 pamakina ofuna 170. Onetsetsani kuti mulibe pasiwedi ya mwini wake wakale. Pomaliza risiti, yokhala ndi dzina la sitolo, tsiku, miyezi ya waranti ndi serial number. Popanda imeneyo, ngakhale mutakadandaula ku bungwe loteteza ogula la CCPC mudzakhala mulibe poyambira.

Musanachoke m'tauni, pezani malo a Wi-Fi mutsitsiretu magemu anu. Gemu ya 100GB pa mabandulo a foni ndi ndalama ya fetereza. Magemu akuba ogulitsidwa pa fulashi ambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo pa intaneti sasewereka.

Mukafika nayo kunyumba, mdani wamkulu ndi fumbi, makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa. Laputopu ya magemu imapumira pansi, ndiye musaiike pabedi, pabulangete kapena pamphasa. Ikani patebulo, kumbuyo kwake mutsamiritse kathabwa kapena tizitsekero tiwiri ta botolo kuti mpweya uzilowa. Masana a October, malata akuthetheka, isiyeni ipume, mudzasewera madzulo. Miyezi itatu kapena inayi iliyonse mafani apukutidwe, ndipo pouzira mpweya gwirani fani ndi chala isazungulire mopenga. Phala loziziritsa lisinthidwe pakatha zaka ziwiri, ntchito ya ola limodzi kwa mmisiri wodziwa. Musadyere pamwamba pake, chifukwa nyenyeswa zimaitana nyerere ndi mphemvu, zimene zimakonda kale malo ofunda. Pokwera njinga yamoto m'misewu yathu ya mabampu, chikwama chikhale kumsana kwanu, osati chomangidwa ndi mphira pa kaliyala, ndipo nthawi ya dzinja ikulungeni m'pulasitiki isanalowe m'chikwama.

Mwana wa mlongo wanga uja i7 yake anaigulitsa kwa mphunzitsi wina amene ankangofuna yolembera mayeso, ndipo anatayapo ndalama ndithu. Anadikira nyengo ina ya nshawa, tinakwera limodzi basi ya m'mamawa, tinakhala m'sitolo ola lathunthu wogulitsa akutiyang'ana cham'mbali. Anabwerako ndi i5 yakuda, yokandika pakona, yolemera ngati njerwa, ya RTX 3050 ya 6GB ndi RAM ya 16GB. Loweruka lapitali anandichinya zigoli 4 kwa 0, ndipo makinawo sindingawanamizire.